Nyenyezi yoposa Dzuwa kutentha ndi kukula, koma maso saiona: zimatheka bwanji?

Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 3, ndipo ndi mmodzi mwa ana aja osameza nkhani asanaitafune. Tsiku lina madzulo tili pamchenga ku Makawa, mabwato atangolowa m'madzi, anandionetsa foni yake. Panali nkhani ya nyenyezi ina yomwe ankati ndi yotentha kasanu kuposa Dzuwa, ndi chimphona, koma kuti munthu aione pamafunika makina.

"Amalume, apa akutinamiza. Chinthu chotentha chonchi, chachikulu chonchi, chingabisale bwanji? Nthanda ija timaiona ngakhale kutayamba kucha."

Nthanda tiiike kaye pambali. Iyo si nyenyezi, ndi pulaneti Venus, ndipo ilibe moto wakewake, imangobweza kuwala kwa Dzuwa ngati lata la padenga. Koma funso la mnyamatayu ndi lomveka, ndipo ndamva akuluakulu omwe akukodwa pomwepo. Palibe amene akunama. Kutentha ndi kukula ndi zinthu za nyenyeziyo. Kuoneka mwachizimezime ndi nkhani ya pamene ife oonafe taima.

Nyali za asodzi a usipa

Amene anagonapo m'mbali mwa nyanja mwezi uli mumdima amadziwa mmene madzi amaonekera usiku. Nyali za asodzi zimandandalika kutali ngati mudzi wamera pamadzi, zina zowala kwambiri, zina zongophethira. Mlendo angaganize kuti zowala kwambirizo ndiye zamphamvu. Msodzi amadziwa kuti bwato la siginala, lonyamula nyali zokopera usipa, ngakhale litadzaza mababu, likalowa chakuya kulowera ku Makanjira limangooneka ngati kachiphaniphani, pomwe tochi ya mlonda amene ali pamchenga pomwepa imakuthobwa m'maso.

Kuwala kukachoka pa nyali kumamwazikira mbali zonse, choncho kumachepa msanga kuposa mmene mtunda ukukulira. Nyali ikatalikira kawiri, kuwala kofika m'diso kumachepa kanayi. Ikatalikira katatu, kumachepa ka 9. Ikatalikira ka 1,000, kumachepa ka 1 miliyoni.

Akatswiri a zakuthambo ali ndi muyeso wa mmene nyenyezi imaonekera tikaima pano padziko, ndipo amautcha magnitude. Unachokera kwa Agiriki akale, omwe ankaika nyenyezi zowala kwambiri m'gulu loyamba ndipo zovuta kuona m'gulu lachisanu ndi chimodzi. Umayenda ngati mapozishoni a kusukulu, nambala yaing'ono ndiye yapamwamba. M'chaka cha 1856 Norman Pogson wa ku England anaukhazika pa masamu: kusiyana kwa masitepe asanu ndi kusiyana kwa kuwala kowirikiza ka 100, ndipo sitepe imodzi ndi pafupifupi kawiri ndi theka. Zowala koposa zimadutsa ziro n'kulowa ku manambala a mainasi. Sirius, yomwe imaposa nyenyezi zonse za usiku, ili pa -1.46. Mwezi wathunthu uli cha pa -12.7. Diso labwino, kumalo kopanda magetsi, limalekera cha pa 6. Mukamva kuti nyenyezi ndi ya magnitude 11, ndiye kuti kuwala kwake kukuchepa ka 100 poyerekeza ndi kanyenyezi komaliza komwe diso lingagwire.

Mitunda ya kumeneko sakuiwerenga m'makilomita, manambala ake angadzaze tsamba. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo kuchoka pa Dzuwa kufika kuno kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20. Mtunda umene kumayenda pa chaka chathunthu, makilomita pafupifupi 9.46 thiriliyoni, ndi umene amautcha chaka cha kuwala. Ndi muyeso wa mtunda ngakhale dzina lake likumveka ngati la nthawi, monga tikamati mudzi wakutiwakuti uli pa maola awiri a njinga.

Chitsanzo chabwino chili pamwamba pathu pomwe. Kuyambira mwezi wa April mpaka July, madzulo mukayang'ana kummwera, muona nyenyezi zinayi zopanga mtanda, zomwe mabuku amazitcha Southern Cross. Pambali pake pali ziwiri zowala zoloza kumtandako. Yakutali ndi mtanda ndi Alpha Centauri, yapafupi ndi Hadar. M'maso zimaoneka ngati zapachibale, Alpha Centauri n'kuposako pang'ono. Koma Alpha Centauri ili pa zaka za kuwala 4.4 zokha, ndipo nyenyezi yake yaikulu ndi yofanana kwambiri ndi Dzuwa lathu. Hadar ili pa zaka za kuwala pafupifupi 390. Mutaikoka n'kuiika pamene pali mnzakeyo, kuwala kwake kungawirikize pafupifupi ka 8,000, ndipo munthu angamaone chithunzithunzi chake pansi usiku wopanda mwezi. Dzuwa lathu mutalikankhira kupitirira zaka za kuwala 60 zokha, diso silingalipezenso.

Kutentha kumadziwika ndi mtundu

Palibe amene anapita ndi choyezera kutentha ku nyenyezi. Chimene chimaulula ndi mtundu wa kuwala kwake, ndipo osula makasu ndi mipeni amaidziwa bwino nkhaniyi. Chitsulo chikalowa m'makala, mvukuto ikupopedwa, chimayamba kufiira moderapo. Moto ukakula chimafiira kwambiri, kenako chimalowera ku chikasu, kenako chimayera. Wosula sayeza ndi makina, amangoyang'ana mtundu n'kudziwa kuti nyundo itha kutera. Chitsulo chimasungunuka chisanapitirire pamenepo, koma chinthu chikatentha kuposa apo, kuyerako kumayamba kupita ku buluu.

Pamipope ya m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kofiira ndiye kwa madzi otentha, kwa buluu ozizira. Kuthambo nzosemphana. Nyenyezi yofiira ndiye yozizirako, ya buluu ndiye ng'anjo.

Kutenthaku amakuwerenga m'madigiri a Kelvin. Ndi ofanana kukula ndi madigiri omwe timamva pa zanyengo, kungoti amayambira pansi kwambiri, ndiye mukachotsa 273 mwapeza athu aja. Pamanambala a zikwizikwi kusiyanako sikudetsa nkhawa. Pamwamba pa Dzuwa ndi madigiri pafupifupi 5,800. Miyezi ya dzinja, mitambo ikapatuka, yang'anani nyenyezi zitatu zotsatana zija za Akamwiniatsatana. Mbali imodzi kuli Betelgeuse, yofiirira, ya madigiri cha m'ma 3,600. Mbali inayo kuli Rigel, yoyera mwa buluu, ya madigiri pafupifupi 12,000. Hadar ili cha pa 25,000, ndipo zilipo zina zopitirira 40,000.

Njira yodalirika kuposa mtundu woona ndi maso ndi kumwaza kuwala kwa nyenyezi kuti kukhale ngati utawaleza. Utawaleza wotere amautcha spectrum. Ukauyang'anitsitsa umakhala ndi timizere takuda apa ndi apo, pomwe mpweya wa pamwamba pa nyenyeziyo wameza kuwala kwa mtundu winawake. Mpweya uliwonse uli ndi timizere take, ndipo timizereto timaoneka kapena kuzimirira malinga ndi kutentha. Annie Jump Cannon, wa ku Harvard ku America, anasanja nyenyezi zoposa 200,000 poyang'ana timizereti pa zithunzi za magalasi, ndipo magulu ake akugwirabe ntchito mpaka lero: O, B, A, F, G, K, M, kuyambira zotentha kwambiri kutsikira ku zozizirako. Dzuwa lili mu G. Akamati nyenyezi yotentha, nthawi zambiri akunena za O ndi B. M'chaka cha 1925 Cecilia Payne anaonetsa kuti magulu amenewa akusiyana pa kutentha, koma zopangira zake n'zofanana: nyenyezi pafupifupi zonse ndi haidrojeni ndi hiliyamu, zina zonsezo n'zongothirira.

Kutentha kuli ndi mphamvu yaikulu pa kuwala kuposa mmene munthu angaganizire. Josef Stefan anapeza mu 1879 kuti chinthu chikatentha kawiri, mphamvu yotuluka pa kachigawo kalikonse ka pamwamba pake imawirikiza ka 16, kutanthauza 2 x 2 x 2 x 2. Chikatentha kasanu, imawirikiza ka 625.

Komabe mphamvu yonseyo si yooneka. Nyenyezi ya madigiri 30,000 imatulutsa mphamvu yake yambiri mu kuwala kotchedwa ultraviolet, komwe diso la munthu silikuona. Owotcherera zitsulo pa boma amakudziwa. Amene wawotcherera tsiku lonse wopanda chophimba kumaso amagona akulira ngati m'maso mwalowa mchenga, chonsecho chamupweteka si kuwala kwa buluu kuja ankakuona, ndi kwina komwe sankakuona n'komwe. Ndiye nyenyezi yotentha kwambiri, ngakhale isanatalikire, gawo lalikulu la moto wake labisika kale kwa ife.

Chimphona chake chiti?

Liwu lakuti chimphona, lomwe m'Chingerezi amati giant, limasokoneza chifukwa si dzina longotamanda kukula. Ndi gulu. Mu 1943 William Morgan, Philip Keenan ndi Edith Kellman a ku Yerkes Observatory anawonjezera manambala achiroma pa zilembo za Cannon. V ndi nyenyezi yomwe ili pa msinkhu wake wanthawi zonse, ngati Dzuwa. III ndi chimphona. I ndi chimphona choposa, supergiant. Choncho Dzuwa limalembedwa G2 V, Hadar B1 III, pomwe 2 ndi 1 akungoonetsa kagawo ka kutentha m'kati mwa gulu la chilembocho.

Amazisiyanitsa ndi timizere tomwe tija. Nyenyezi ikafufuma, mpweya wa pamwamba pake umakhala wosathinana, ndipo timizere take timatuluka topyapyala. Ikakhala yothinana, timizere timanenepa. Woyamba kuzindikira kusiyana kumeneku anali Antonia Maury, wa ku Harvard konko, m'zaka za m'ma 1890, ndipo Ejnar Hertzsprung wa ku Denmark ndi amene anaonetsa kuti za timizere topyapyalazo ndi zowala mopitirira. Ubwino wake ndi wakuti mtunda sungasinthe timizereti. Nyenyezi ikhale pafupi kapena kutali, kupyapyala kwake n'komweko.

Chodabwitsa n'chakuti chimphona chotentha nthawi zambiri chimachepa thupi poyerekeza ndi chimphona chozizira. Arcturus, yachikasu chofiirira, yomwe imaoneka chakumpoto miyezi yozizira, m'mimba mwake ndi mowirikiza Dzuwa ka 25, ndipo kutentha kwake ndi 4,300 basi. Aldebaran, ya kufupi ndi Nsangwe, ndi ka 44. Pomwe Hadar, imene kwenikweni ndi nyenyezi zitatu, ziwiri zazikuluzo zikuzungulirana pa masiku 357, iliyonse mwa ziwirizo m'mimba mwake ndi pafupifupi ka 9. Koma pa kulemera Arcturus ndi yofanana ndi Dzuwa, pomwe ziwiri za Hadar iliyonse ikuposa Dzuwa kakhumi. Arcturus ndi thumba la thonje, Hadar ndi thumba la simenti.

Tiwerengere limodzi

Titenge nyenyezi yongoyerekeza, yofanana ndi imene mwana wa mlongo wanga anawerenga. Kutentha 30,000, m'mimba mwake kakhumi kuposa Dzuwa.

Kutentha kumeneko ndi kowirikiza kwa Dzuwa ka 5.2. Tikawerengera 5.2 x 5.2 x 5.2 x 5.2 tipeza pafupifupi 730. Thupi lowirikiza kakhumi m'mimba limakhala ndi malo a pamwamba owirikiza ka 100. Ndiye 730 kuchulukitsa ndi 100, mphamvu ya madzuwa 73,000. Pa kuwala kooneka ndi maso kokha, chifukwa cha ultraviolet uja, tingotsala ndi madzuwa pafupifupi 5,000.

Tsopano tiiponye pa zaka za kuwala 10,000, womwe si mtunda wachilendo, poti Mlalang'amba wathu, khamu lalikulu la nyenyezi momwe muli Dzuwa lathu, ndi wotambalala zaka za kuwala pafupifupi 100,000. Pamenepo ingaoneke ya magnitude 8, yadutsa kale malire a diso. Panjira pakakhala fumbi lomeza masitepe ena atatu, yafika pa 11.

Nambala imeneyi ndimaikonda chifukwa pali nyenyezi ina yeniyeni ya magnitude 11. Dzina lake Proxima Centauri, ndipo ndi yapafupi ndi Dzuwa kuposa zonse, pa zaka za kuwala 4.2. Anaipeza ndi Robert Innes ku Johannesburg mu 1915. Ndi kanyenyezi kofiira, ka madigiri pafupifupi 3,000, kokula pang'ono chabe kuposa pulaneti Jupiter. Pa chithunzi cha telesikopu, kadontho ka Proxima ndi kadontho ka chimphona chathu chija zingafanane kuwala. Imodzi ndi koloboyi wa pakhonde la nyumba yoyandikana nanu, inayo ndi moto wolusa wa paphiri la kutsidya kwa nyanja. Ntchito yaikulu ya akatswiri ndi kusiyanitsa ziwirizi, ndipo kuti atero ayenera kudziwa mtunda.

Mtunda amauyeza ndi maso awiri

Tambasulani dzanja, imikani chala chachikulu, tsinzinani diso limodzi kenako linzake. Chala chimaoneka ngati chikudumpha poyerekeza ndi mtengo wakutali. Mukachiyandikitsa kumaso chimadumpha kwambiri, mukachitalikitsa chimadumpha pang'ono. Kudumphaku amakutcha parallax. Maso awiri a akatswiri ndi malo awiri amene dziko limakhala pozungulira Dzuwa, lero ndi miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayo, otalikirana makilomita 300 miliyoni. Friedrich Bessel ndiye anayamba kulengeza muyeso wotere mu 1838, pa nyenyezi 61 Cygni. Thomas Henderson anali atayeza kale Alpha Centauri ali ku Cape Town, koma anachedwa kutulutsa zotsatira zake mpaka 1839.

Vuto ndi lakuti nyenyezi za kutali zimadumpha pang'ono zedi. Ya pa zaka za kuwala 10,000, parallax yake ili ngati kuyeza kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu amene ali ku Monkey Bay inu muli pa mlatho wa ku Mangochi boma. Mpweya wa dziko lathu, womwe umachititsa nyenyezi kuthwanima, umasokoneza muyeso wotere. N'chifukwa chake bungwe la European Space Agency linatumiza kuthambo chombo chotchedwa Gaia pa 19 December 2013. Chinakakhala pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, n'kumayeza nyenyezi mobwerezabwereza mpaka January 2025. Kaundula amene anatulutsa pa 13 June 2022 ali ndi nyenyezi pafupifupi 1.8 biliyoni, kutsikira mpaka cha pa magnitude 21. Nkhani zambiri za nyenyezi zopanda dzina, zongodziwika ndi nambala yaitali ngati ya pa chiphaso, zimachokera m'kaundula ameneyu.

Manambala a m'kaundula wotere awerengedwe mosamala. Nyenyezi ikatalikira kwambiri, kudumpha kwake kumachepa mpaka kufanana ndi kuphonya kwa makina enieniwo, moti zina zimatuluka ndi parallax ya mainasi, chinthu chosatheka m'chilengedwe. Ndipo mtunda ukaphonyeka, kukula ndi mphamvu zomwe awerengera kuchokera pa mtundawo zimaphonyekanso.

Fumbi la pakati pa nyenyezi

Apa ndi pomwe nkhani imavutira, ndipo ndi pomwe mnyamata uja anandigwiranso kachiwiri. Iye anati nkhani yomweyo ikunena kuti nyenyeziyo mtundu wake ndi wofiirira. "Mwangonena kumene kuti yotentha imakhala ya buluu, amalume."

Mu September ndi October, tchire likamapsa m'mapiri a ku Namwera, utsi umadzaza mlengalenga. Dzuwa likamalowa limasanduka mpira wofiira womwe munthu angauyang'ane osaphethira. Dzuwalo silinazizire. Utsi ndi fumbi zimamwaza kuwala kwa buluu kwambiri kuposa kofiira, choncho chofika m'maso mwathu ndi chochepa komanso chofiira.

Pakati pa nyenyezi palinso fumbi, timbewu ting'onoting'ono ta kaboni ndi miyala, tofanana kukula ndi ta mu utsi. Ndi lomwazikana kwambiri, koma pa mtunda wa zaka za kuwala zikwizikwi limaunjikana. Robert Trumpler ndiye anatsimikizira zimenezi mu 1930, ataona kuti magulu a nyenyezi a kutali akuoneka ofooka ndi ofiira kuposa mmene amayenera kukhalira. Fumbili mutha kuliona nokha. Pambali pa mtanda uja, usiku wamdima weniweni, pali chibowo chakuda pakati pa Mlalang'amba ngati wina wataya thumba la makala. Azungu amachitchadi Coalsack, kutanthauza thumba la makala. Si bowo ayi, ndi mtambo wa fumbi womwe uli pa zaka za kuwala pafupifupi 600, ndipo ukuphimba nyenyezi za kuseri kwake.

Tsoka lake, nyenyezi zotentha zimabadwira momwe muli fumbi lambiri, m'kati mwa mzere wa Mlalang'amba, ndipo sizikhala moyo wautali woti n'kusamukira kutali. Pali ina yotchedwa Cygnus OB2-12, imodzi mwa zowala koposa zomwe zikudziwika mu Mlalang'amba wathu, ya mphamvu yoposa madzuwa 1 miliyoni. Fumbi limaimeza masitepe pafupifupi 10, kutanthauza kuti pa magawo 10,000 a kuwala kwake kooneka, limodzi lokha ndi limene limatipeza. Imaoneka ya magnitude yapakati pa 11 ndi 12, ndiponso yofiira, chonsecho ndi ya gulu B.

Ndiye munthu akangodalira mtundu, nyenyezi yotentha yobisika m'fumbi ndi nyenyezi yozizira yopanda fumbi zimafanana. Kompyuta yomwe ikuyerekeza kutentha kwa nyenyezi mamiliyoni nthawi imodzi itha kusokoneza ziwirizi, ndipo nthawi zina imaterodi. Choweruza ndi spectrum. Fumbi limafooketsa kuwala ndi kukufiiritsa, koma silifafaniza timizere. Timizere ta hiliyamu tikaoneka, nyenyeziyo ndi yotentha, kaya ikuoneka yofiira bwanji. Kupeza spectrum yabwino ya kadontho kofooka kumafuna galasi lalikulu losonkhanitsa kuwala, ngati la Southern African Large Telescope ku Sutherland, m'dziko la South Africa, lomwe ndi lotambalala pafupifupi mamita 11 ndipo linatsegulidwa mu 2005. Njira ina ndi kuyang'ana mu infrared, kuwala kwa kuseri kwa kofiira, komwe kumadutsa m'fumbi mosavuta. Mukaona nkhani ikunena kuti nyenyezi ndi ya madigiri 35,000 koma ndi yofiira, funso loyenera ndi lakuti kutenthako akupeza ndi spectrum kapena ndi kuyerekeza kwa kompyuta. Zonse ziwiri zili ndi ntchito, koma kudalirika kwake n'kosiyana.

Chimene chikuyaka m'kati

Nyenyezi siyaka ngati nkhuni. Pakatikati pake, kulemera kwa thupi lonse kumapanikiza haidrojeni mpaka tizigawo take timalumikizana n'kukhala hiliyamu, ndipo polumikizanapo pamatuluka mphamvu. Pakati pa Dzuwa ndi madigiri 15 miliyoni. Moyo wonse wa nyenyezi ndi kukokanakokana kwa zinthu ziwiri, kulemera kofuna kuigwetsera m'kati ndi kutentha kokankhira kunja.

Nyenyezi yolemera iyenera kuyaka mwaukali kuti isadzigwere. Ili ndi mafuta ambiri, koma imawamwa ngati injini yaikulu ya boti yotsegulidwa mpaka kumapeto. Dzuwa lakhala zaka 4.6 biliyoni ndipo lili pafupifupi pakati pa moyo wake. Nyenyezi yolemera ka 15 kuposa Dzuwa imatha m'zaka zongopitirira pang'ono 10 miliyoni. Haidrojeni wa pakati akamatha, pakatipo pamafinyika, kunja kumafufuma, ndipo m'pamene imalowa m'gulu la zimphona. Chimphona cha buluu nthawi zambiri ndi nyenyezi yolemera yomwe yangoyamba kumene kufufumako. Ikupitanso ikutaya thupi, chifukwa kuwala kwake komwe kumakankha mpweya wa pamwamba n'kuuulutsa pa liwiro loposa makilomita 1,000 pa sekondi.

Moyo waufupiwu, pamodzi ndi kubadwa mwa apo ndi apo, ndi umene umazichititsa kusowa. Mwa nyenyezi zinayi zilizonse za m'dera lathu, zitatu ndi tofiira ting'onoting'ono ngati Proxima, ndipo palibe ngakhale kamodzi kooneka ndi maso. Za gulu B ndi pafupifupi imodzi pa 800, za gulu O imodzi pa mamiliyoni. Zimachuluka m'maso mwathu usiku chifukwa zimaonekera kutali, monga mmene pagombe umawerengera mabwato a nyali koma osaona mabwato ambirimbiri a mbedza omwe ali mumdima.

Akatswiri amazisaka pa zifukwa zomveka. Poti sizipita kutali ndi kumene zinabadwira, zimaonetsa pamene nyenyezi zatsopano zikupangika, ndipo mu 1951 Morgan yemwe uja anagwiritsa ntchito nyenyezi za O ndi B kuonetsa koyamba kuti Mlalang'amba wathu uli ndi mikono yopindika. Poti zimaonekera kutali, zimathandiza kuyeza mitunda. Ndipo okosijeni wambiri amene tikupumayu anapangidwa m'kati mwa nyenyezi zolemera zotere, zomwe zinaphulika Dzuwa lisanakhaleko.

Kadontho komwe kanaphulika mu 1987

Nyenyezi yolemera kuposa Dzuwa ka 8 kapena kupitirira, mapeto ake nthawi zambiri ndi kuphulika kotchedwa supernova. Ikatha haidrojeni imayamba kuwotcha hiliyamu, kenako kaboni, kukwera mpaka pakati pake patapangika chitsulo. Chitsulo sichitulutsa mphamvu chikalumikizidwa. Moto ukazima pakatipo, thupi limagwera m'kati pa nthawi yosakwana sekondi imodzi, ndipo zakunja zimaponyedwa kutali.

Kummwera, usiku wopanda mwezi, kumaoneka timitambo tiwiri toyera tomwe sitisuntha ndi mphepo. Kakakuluko ndi Large Magellanic Cloud, mlalang'amba wina waung'ono womwe uli pa zaka za kuwala zoposa 160,000. Mu 1970 Nicholas Sanduleak anatulutsa mndandanda wa nyenyezi zotentha za mmenemo, ndipo imodzi inalembedwa kuti Sanduleak -69 202. Inali ya gulu B, chimphona choposa, yolemera pafupifupi ka 20 kuposa Dzuwa, ya mphamvu ya madzuwa pafupifupi 100,000. Kuno inkaoneka ya magnitude 12, ndipo panalibe amene ankaiganizira mwapadera.

Usiku wa pa 23 kulowa 24 February 1987, Ian Shelton ali ku Las Campanas m'dziko la Chile anaona pa chithunzi chake nyenyezi yowala pamalo pomwe dzulo lake panalibe. Anatuluka panja n'kuiona ndi maso. Aka kanali koyamba kuti supernova ioneke popanda makina chichokere 1604. Maola angapo kuwala kusanafike, makina a pansi pa nthaka ku Japan, ku America ndi ku Soviet Union anali atagwira tizinthu pafupifupi 25 totchedwa neutrino, tochokera pa kugwa kwa pakati pa nyenyeziyo. Kuno inali nthawi ya mvula, koma kuwalako kunapitirira kukula mpaka May, pomwe kunafika cha pa magnitude 3, moti munthu woima pamchenga ku Makawa madzulo, akudziwa poyang'ana, akanaiona chakummwera kumunsi.

Akatswiri atabwerera ku zithunzi zakale anapeza kuti yomwe yasowa pamalopo ndi Sanduleak -69 202. Zinawadabwitsa, chifukwa ankayembekeza kuti zophulika motere ndi zimphona zofiira ngati Betelgeuse, osati za buluu. Maganizo amene ambiri amawatsatira lero ndi akuti inali nyenyezi ziwiri zomwe zinaphatikizana zaka pafupifupi 20,000 isanaphulike, ngakhale nkhaniyi sinatsekedwe. Chotsala pakati pake chinabisika m'fumbi la kuphulikako kwa zaka zoposa 30. Mu February 2024 ofufuza ogwiritsa ntchito telesikopu ya James Webb, yomwe imaona mu infrared, analengeza umboni wakuti pakatipo pali neutron star, chotsalira cholemera kuposa Dzuwa koma chotambalala makilomita pafupifupi 20 okha.